Bala lobisika m'malaya: kudzivulaza kwa achinyamata ndi kupewa kudzipha ku Thuchila

M'miyezi ya Meyi ndi Juni, chimanga chikachoka m'munda n'kuyamba kulowa m'matumba, pamalo ochitira malonda a Thuchila, m'mbali mwa msewu wa Midima umene umachokera ku Limbe kupita kuboma la Mulanje, pamaoneka zimene zimaoneka pamsika uliwonse wakumudzi m'Malawi muno: anyamata a kabaza atatsamira njinga zawo pamthunzi, amayi atayala tomato, chinangwa ndi mbatata, ndipo penapake pakati pa sopo, mchere ndi machesi pali timabotolo ndi timapaketi ta mankhwala ophera anankafumbwe, mbozi ndi makoswe.

Timapaketi tina timakhala tochita kupungulira kuchokera m'chigubu chachikulu, kotero tilibe dzina ngakhale chenjezo, ndipo wogulitsa, amene nayenso akungosaka ya ndiwo, safunsa zaka za wogula kapena chimene akukachita nato.

Madzulo mankhwalawo amakafika kunyumba, ndipo popeza nyumba zambiri zilibe kabati yokiya, amaikidwa pamwamba pa khoma, kunsi kwa bedi kapena pafupi ndi matumba a chimanga omwewo, pamalo pamene mwana aliyense wa m'nyumbamo amapadziwa.

Imfa zambiri za achinyamata a m'midzi ya alimi zimadutsa pamalo amenewo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limayerekeza kuti mwa anthu asanu alionse amene amadzipha padziko lapansi, pafupifupi mmodzi amagwiritsa ntchito mankhwala a ulimi, ndipo ochuluka mwa iwo ndi anthu a m'madera akumidzi a mayiko osauka. Mayina a mankhwalawo sakutchulidwa m'nkhani ino, ndipo asiyidwa mwadala, pa chifukwa chimene chifotokozedwe kutsogoloku.

Kudzivulaza ndi kudzipha

Akatswiri a zaumoyo akamanena za kudzivulaza amatanthauza chilichonse chimene munthu amachita mwadala pofuna kupweteka thupi lake, kaya podzicheka, podziwotcha, podzimenyetsa ku chinthu cholimba kapena pomwa mankhwala oopsa, posatengera kuti cholinga chake chinali kufa kapena ayi. M'kati mwa tanthauzo lotakatali muli magulu awiri amene ndi bwino kuwasiyanitsa, ngakhale kuti malire ake sakhala oonekeratu nthawi zonse.

Gulu loyamba ndi la amene amadzivulaza popanda cholinga chofuna kufa. Kwa wachinyamata wotere, ululu wa pakhungu umakhala njira yozimitsira ululu wa mumtima umene walephera kuupezera mawu, monga manyazi, mkwiyo, mantha kapena kudziona wachabechabe, ndipo mpumulo umene amaupeza, ngakhale ndi wa kanthawi kochepa, ndi umene umamuchititsa kubwerezanso mawa lake. Ena amanena kuti mumtima mwawo munachita dzanzi moti amadzipweteka kuti amveko kenakake.

Kafukufuku amene anaphatikiza zotsatira za m'mayiko osiyanasiyana n'kusindikizidwa mu 2014 anapeza kuti achinyamata pafupifupi 17 mwa 100 alionse anadzivulazapo mwa njira imeneyi, ndipo mchitidwewu umakonda kuyamba pakati pa zaka 12 ndi 14. Ziwerengero zambiri za m'kafukufukuyo zinachokera kumayiko olemera, choncho sizingangotengedwa n'kuikidwa pa ana a ku Mulanje, koma zikutsutsa maganizo akuti mwana wodzivulaza ndi wachilendo kapena wopenga.

Gulu lachiwiri ndi la amene amayesa kuchotsa moyo wawo. Magulu awiriwa amakumana chifukwa chakuti munthu amene anadzivulazapo, ngakhale kuti panthawiyo sankafuna kufa, amakhala pachiopsezo chachikulu choti adzadzipha m'tsogolo kusiyana ndi amene sanachitepo, ndipo palibe chizindikiro china chodziwika chimene chimachenjeza mwamphamvu kuposa chimenechi.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza malirewo m'dera la alimi ngati Thuchila. Mtsikana wa mumzinda wa London amene wakangana ndi amayi ake akamwa mapiritsi a m'nyumba mopupuluma, nthawi zambiri amathamangitsidwa kuchipatala n'kuchira, pamene mnzake wa msinkhu womwewo wa m'mudzi wa ku Mulanje, amene mkwiyo wake ndi wofanana ndendende, chimene dzanja lake limapeza ndi poizoni wa m'munda, ndipo chipatala chokhala ndi zipangizo zomuthandiza kupuma chili kutali.

Cholinga chimafanana, koma mapeto ake amasiyana.

Zimene ziwerengero zikunena

Malinga ndi WHO, anthu oposa 720,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo 73 mwa 100 alionse a iwo amakhala a m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati. Mu 2021 kudzipha kunali pa nambala yachitatu mwa zinthu zopha kwambiri anthu a zaka za pakati pa 15 ndi 29. Chigawo cha Africa, chimene kwa nthawi yaitali chinkanenedwa kuti vutoli silichikhudza, ndicho chinali patsogolo mu 2019, ndi imfa 11.2 pa anthu 100,000 alionse poyerekeza ndi 9 za dziko lonse lapansi.

Kuno kwathu ziwerengero zimene zimamveka kawirikawiri ndi za apolisi. Pakati pa Januwale ndi Ogasiti 2019 apolisi analemba anthu 116 odzipha, ndipo m'miyezi yomweyo mu 2020, chaka cha mliri wa Covid-19, analemba 182, kutanthauza kuti chiwerengerocho chinakwera ndi 57 peresenti. M'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira ya 2024 analemba anthu 281, mwa iwo 246 anali amuna.

Ziwerengerozi ziyenera kuwerengedwa mosamala, pakuti apolisi amalemba imfa zokhazo zimene zawapeza, pamene mabanja ambiri, poopa manyazi ndi milandu, amalengeza kuti malemu anadwala mwadzidzidzi. Amene anayesa koma anapulumuka sawerengedwa mokwanira, ndipo mwana amene amabisa zipsera zake m'malaya a manja aatali ngakhale m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala sapezeka m'kaundula aliyense.

Dziko la Malawi ndi la ana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali osakwana zaka 18. M'boma la Mulanje lokha munali anthu oposa 680,000.

Katundu amene mwana wa ku Thuchila amasenza

Palibe chinthu chimodzi chimene chimachititsa munthu kudzipha, ndipo mawu amene amamveka pamaliro kapena pawailesi, akuti wadzipha chifukwa anamukaniza foni kapena chifukwa chibwenzi chinatha, amangotchula kamtengo komaliza kamene kanaikidwa pamtolo umene unali wolemera kale. Mtolowo ndi umene uyenera kumasulidwa kuti nkhuni zake zioneke imodziimodzi.

Mulanje ndi boma lothithikana, limene mbali yaikulu ya nthaka yake yabwino ili pansi pa tiyi wa m'maesiteti, kotero banja la m'chigwa cha Thuchila limadalira kamunda kochepa kamene kamagawidwagawidwa mbadwo uliwonse. Nandolo, amene ali ngati banki ya mabanja ambiri kumeneko, anagwa mtengo kwambiri mu 2017 dziko la India litachepetsa muyezo wa nandolo amene limagula kunja. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pakati pa nthawi ziwirizo, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba, kukokolola minda ndi kudula milatho m'maboma a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Thyolo, Blantyre ndi ena, n'kusiya anthu oposa 600 atafa, oposa 500 atasowa ndi oposa theka la miliyoni opanda pokhala.

Mwana amene anali ndi zaka 12 usiku umene madzi ankalowa m'nyumba lero ndi wachinyamata, ndipo ndi ochepa amene anafunsidwapo chimene amaona akatseka maso mvula ikamagunda padenga.

Umphawi umalowa mumtima mwa mwana kudzera m'zinthu zing'onozing'ono zooneka: kubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi anzake akuyang'ana, kapena kumva makolo akukangana usiku za ngongole ya katapila ndi ya banki m'khonde. Kwa anyamata pawonjezeka kubetcha mpira pafoni, kumene kumameza ndalama ya kabaza ya tsiku lonse, nthawi zina ndi ya mwini njinga yomwe.

Kwa atsikana nkhani yaikulu ndi mimba. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera, ndipo sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri, boma linapeza mimba za ana pafupifupi 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa. Mtsikana amene wazindikira kuti waima, mwini mimba wakana, ndipo akudziwa chimene chimudikira akaulula, amakhala m'masiku oopsa kwambiri pa moyo wake wonse, makamaka ngati mimbayo inabwera mogwiriridwa ndi munthu wa pakhomo pomwepo.

Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anasonyezanso kuti Mulanje ndi limodzi mwa maboma amene kachilombo ka HIV kanafala kwambiri, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse a zaka 15 mpaka 49. Zotsatira zake ndi ana amasiye oleredwa ndi agogo otopa, komanso achinyamata amene anabadwa ndi kachilomboko n'kudzauzidwa atakula, amene amamwa ma ARV mobisa kuopa kusekedwa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2014 wokhudza achinyamata 562 a ku Malawi okhala ndi HIV anapeza kuti pafupifupi 19 mwa 100 alionse anali ndi matenda okhumudwa, amene ndi kukhumudwa kozama kosatha kwa masabata awiri kapena kuposerapo, kumene kumachotsa tulo, chilakolako cha chakudya ndi chidwi pa zinthu zimene munthu ankazikonda.

Mwambo wa chikamwini, umene Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao a m'derali amatsatira, uli ndi mphamvu yake imene siyenera kunyozedwa, chifukwa mwana amakulira pakati pa mbumba ya amayi ake, ndipo amakhala ndi amayi aang'ono, agogo ndi amalume amene ali ndi udindo pa iye. Vuto limabwera pamene banja latha, bambo anyamula chikwama chawo kubwerera kwawo, amalume ali ku Joni kapena ku Mozambique kukasaka ganyu, ndipo pakhomo pali akuluakulu ambiri koma palibe mmodzi amene mwanayo angamuuze zakukhosi.

Mphindi zochepa

Chimene asayansi apeza chokhudza ubongo chikuthandiza kumvetsa chifukwa chake msinkhu umenewu uli woopsa. Mbali za ubongo zimene zimadzutsa mkwiyo, manyazi ndi chikondi zimakhwima msanga mwana akangotha msinkhu, pamene mbali yakutsogolo, imene imagwira ntchito ngati mabuleki poyeza zotsatira za chinthu munthu asanachichite, imapitirira kukula mpaka zaka pafupifupi 25. Choncho wachinyamata amamva ululu mwamphamvu ngati wamkulu, koma alibe zaka zokwanira zomuphunzitsa kuti ululu umene ukuoneka wosatha lero umadzazilala.

Kafukufuku wina wa ku Austria wa mu 2009 anafunsa anthu amene anapulumuka atayesa kudzipha za nthawi imene inadutsa kuchokera pamene ganizolo linawafikira mpaka pamene anachita, ndipo pafupifupi theka anati sipanapitirire mphindi khumi. Kafukufuku amene watsatira anthu opulumuka kwa zaka zambiri wasonyezanso kuti pafupifupi 9 mwa 10 alionse samwalira podzipha m'tsogolo mwake.

Mfundo ziwirizi zikugwetsa chikhulupiriro chofala chakuti munthu akafuna kufa palibe chomuletsa.

Ambiri safuna imfa yeniyeniyo, koma amafuna kuti chimene chikuwapweteka chileke, ndipo ngati m'mphindi zoopsazo chida chakupha sichili pafupi, kapena pakhomo pafika munthu, mphepoyo imadutsa.

Mawu amene amatseka pakamwa

Achinyamata ambiri amachenjeza asanachite, koma chenjezo lawo limabwera m'mawu a tsiku ndi tsiku amene savuta kuwanyalanyaza: ndatopa, bola kungofa, mudzandifuna, ndikuchokerani pano. Ena amangokhala duu, kusiya kudya, kusiya mpira kapena kwaya, kugawa zovala ndi makope awo, kapena kuyamba kachasu ndi chamba mwadzidzidzi. Yankho limene amalandira kawirikawiri ndi lakuti akufuna kutiopseza, ana a masiku ano ndi ofewa, kapena, kwa mnyamata, mwamuna salira.

Makolo akale anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi umusemere imufotere yekha, ndipo mwambiwo ndi wanzeru pa mwana wamakani amene akufuna chinthu chopanda pake, koma ndi woopsa ukagwiritsidwa ntchito pa mwana amene wanena za imfa, chifukwa chimene chimafota pamenepo sichiphukanso.

Mawu akuti mwamuna salira ali ndi gawo lawo pa ziwerengero za apolisi zija. M'mayiko ambiri atsikana ndi amene amayesa kudzipha kawirikawiri, koma anyamata ndi amene amafa ochuluka, mwa zina chifukwa chakuti anaphunzitsidwa kuyambira ali aang'ono kuti kudandaula ndi ukazi, kotero amafika pamapeto popanda aliyense kudziwa kuti panali ulendo.

Imfa ikachitika, kufotokoza kumapita ku ufiti, ziwanda kapena tsoka la kumtundu, ndipo m'madera ena maliro amaikidwa mwamsangamsanga, mipingo ina imakana kuyendetsa mwambo wonse, ndipo banja limatsala ndi manyazi pamwamba pa chisoni. Abale ndi anzake a malemu, amene iwonso amakhala pachiopsezo chokwera m'miyezi yotsatira, amaphunzira pamenepo kuti nkhani imeneyi siyankhulidwa.

Makolo ndi aphunzitsi ambiri amaopa kufunsa mwana mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, poganiza kuti funsolo limuika ganizo m'mutu. Nkhaniyi inayesedwa pa ana a sukulu za sekondale ku New York, ndipo zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2005, zinasonyeza kuti kufunsa sikuwonjezera maganizo ofuna kudzipha, ndipo kwa amene anali pachiopsezo kunaoneka kuti kunawapeputsako. Funso lofunsidwa modekha, pamalo a awiri, popanda kukalipa kapena kulalikira, limauza mwanayo kuti chimene wasenza chingathe kutchulidwa dzina munthu wamkulu osathawa.

Lamulo ndi chipatala

Kwa zaka zochuluka ndime 229 ya malamulo a milandu a dziko lino, otchedwa Penal Code, yakhala ikunena kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu, umene chilango chake chimatha kufika zaka ziwiri m'ndende. Lamuloli linabwera ndi atsamunda a ku Britain, amene kwawo ku England analichotsa mu 1961. Dziko la Ghana linalichotsa mu 2023, ndipo mu Januwale 2025 khoti lalikulu ku Kenya linagamula kuti ndime yofanana nayo ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dzikolo.

Otsutsa lamulo lotere amanena kuti silinaletsepo munthu wothedwa nzeru, koma limachititsa banja kuzengereza kupita kuchipatala poopa kuti apolisi amva, ndipo pa nkhani ya poizoni ola lililonse lotayika pomwetsa wodwala mkaka kapena madzi a sopo kunyumba limachepetsa mwayi woti apulumuke. Kusanzitsa munthu wotere mokakamiza kumatha kumuvulaza kwambiri. Choyenera ndi kuthamangira naye kuchipatala, pamodzi ndi botolo kapena paketi ya chimene wamwacho, kuti achipatala adziwe mankhwala oti amupatse.

Mu 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la umoyo wa maganizo lolowa m'malo mwa Mental Treatment Act ya 1948, imene inkaona wodwala ngati munthu woyenera kutsekeredwa. Koma kaya mapepala asinthe motani, mantha amene anadzalidwa kwa mibadwo ingapo sazuka tsiku limodzi.

Thandizo lenilenilo ndi lochepa. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo ndi cha ku Zomba, ndipo a St John of God amagwira ntchito yomweyo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Madokotala akuluakulu a matendawa ndi owerengeka pa zala, kotero ntchito yambiri imagwa m'manja mwa anamwino ndi madokotala othandizira a m'zipatala za maboma. Kwa munthu wa ku Thuchila khomo loyamba ndi chipatala chaching'ono cha m'deralo, kenako chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha mishoni cha mpingo wa CCAP. Ndipo dzina lakuti ku Zomba, limene ana amatonzana nalo pabwalo la sukulu, lachititsa ambiri kuganiza kuti matenda a maganizo ndi misala yoyenda maliseche yokha, pamene nkhawa ndi kukhumudwa, zimene ndi zofala kwambiri, zimachizika ndi uphungu komanso mankhwala munthu ali kwawo.

Zimene zaoneka kuti zimathandiza

Mu 2021 WHO inatulutsa ndondomeko yotchedwa LIVE LIFE, imene imaika patsogolo zinthu zinayi, ndipo choyamba mwa izo ndicho kuchepetsa mwayi wopeza zida zimene anthu amadziphera. Umboni waukulu wa mfundoyi uli ku Sri Lanka, dziko la alimi a mpunga ndi tiyi limene mu 1995 linali m'gulu la mayiko otsogola pa imfa zodzipha. Boma la kumeneko linaletsa mankhwala a ulimi oopsa kwambiri mwapang'onopang'ono, makamaka mu 1995, mu 1998 ndi pakati pa 2008 ndi 2011, ndipo pofika 2015 imfazo zinali zitatsika ndi pafupifupi 70 peresenti, pamene akatswiri amayerekeza kuti miyoyo pafupifupi 93,000 inapulumuka. Zokolola sizinatsike, chifukwa alimi anasinthira ku mankhwala ena ophera tizilombo tomweto koma osapha munthu msanga. Anthu sanasiye kuvutika maganizo, koma ambiri amene anamwa mankhwala anadzuka ali moyo.

Ku Sri Lanka komweko kunayesedwanso njira ina imene imamveka yanzeru, yogawira mabanja zigubu zokiya zosungiramo mankhwala, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2017 zinasonyeza kuti chiwerengero cha omwa poizoni sichinatsike. Phunziro lake ndi lowawa kwa amene amakonda kukankhira udindo wonse kwa makolo: loko amathandiza pakhomo pamene pali mwana wodziwika kuti ali pachiopsezo, koma kwa dziko lonse chimene chimagwira ntchito ndi kuchotsa pamsika mankhwala akupha kwambiriwo.

Udindo umenewo m'Malawi muno uli m'manja mwa bungwe la Pesticides Control Board, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2000 ndipo likulu lake lili ku Bvumbwe, m'boma loyandikana la Thyolo. Ntchito yake inakula mbozi zowononga chimanga za fall armyworm zitalowa m'dziko muno, mpaka boma kulengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi m'maboma 20 mu Disembala 2017, pakuti kuyambira pamenepo mlimi aliyense amafuna chopopera. Kwa boma lokhala m'malire ngati Mulanje, kumene katundu amalowa ndi njinga m'tinjira tosalondera, kuletsa kwa papepala sikukwanira popanda oyendera misika, mafumu ndi alangizi a zaulimi kugwirana manja. Ku Thuchila kuli malo ophunzitsira alimi amene akhalapo kwa zaka zambiri, ndipo palibe chifukwa choti phunziro la kupopera mbewu lisamayendere limodzi ndi la moyo wa ana a wopoperayo.

Chachiwiri ndi kaulutsidwe ka nkhani, ndipo apa ndi pamene pali chifukwa chosiyira mayina a mankhwala. Katswiri wina wa ku America, David Phillips, anasonyeza mu 1974 kuti nkhani ya kudzipha ikalembedwa patsamba loyamba la nyuzipepala, imfa zofanana zimachuluka m'masabata otsatira. Achinyamata ndi amene amatengera msanga. Mumzinda wa Vienna, atolankhani atagwirizana mu 1987 kusiya kufotokoza mwatsatanetsatane imfa za m'njanji za pansi pa nthaka, imfazo zinatsika kwambiri m'miyezi yochepa. Kuno kwathu malipoti ambiri amatchulabe dzina la mankhwala, malo ndi chifukwa chimodzi chophweka, ndipo masiku ano zithunzi ndi makalata otsanzika zimayenda pa WhatsApp ndi Facebook mtembo usanafike n'kumanda komwe. Aliyense wotumiza uthenga wotere wasanduka mtolankhani, ngakhale sakudziwa.

Chachitatu ndi kuphunzitsa achinyamata kuzindikira ndi kutchula zimene akumva. Pologalamu yotchedwa Youth Aware of Mental Health itayesedwa m'kafukufuku wa ana oposa 11,000 m'sukulu 168 za mayiko khumi a ku Ulaya, zotsatira za mu 2015 zinasonyeza kuti oyesa kudzipha anachepa ndi pafupifupi theka, ngakhale kuti maphunzirowo anali a maola asanu okha. Malawi anayesapo njira yake kudzera m'pologalamu ya pawailesi ya Nkhawa Njee, imene a Farm Radio anakonza pamodzi ndi makalabu a m'sukulu za ku Lilongwe, Salima ndi Mchinji, ndipo ntchito imeneyo inathandiza kufalitsa mawu akuti matenda okhumudwa. Sukulu za m'dziko muno zili kale ndi phunziro la Life Skills komanso magulu a amayi oyang'anira atsikana, ndipo matini kalabu a achinyamata okhala ndi HIV asonyeza kuti mwana amamasuka msanga akakhala pakati pa anzake osenza katundu wofanana.

Kusowa kwa madokotala sikutanthauza kusowa kwa omvetsera. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu atakhala pabenchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anasonyeza kuti anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, chimene pa Chichewa n'kuganiza kwambiri, anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi, yotchedwa Friendship Bench, yayesedwanso ku Malawi. Anankungwi, akulu a mpingo ndi mashehe, amene achinyamata amadutsa kale m'manja mwawo, angaphunzitsidwe zomwezo, bola avomereze chinthu chovuta kwa mlangizi wachikulire, chimene ndi kutseka pakamwa kaye n'kumva. Wachinyamata amene sangathe kuuza munthu womudziwa angathe kuimba ulere pa 116, nambala ya Tithandizane imene bungwe la YONECO la ku Zomba limayendetsa, kapena pa 54747, ya Chipatala cha pa Foni.

Chachinayi, chimene chimaiwalika kwambiri, ndi kutsatira munthu amene wapulumuka. Masabata oyambirira atatuluka m'chipatala ndi amene amakhala oopsa kuposa ena onse, chifukwa mwanayo amakwera minibasi kubwerera kunyumba yomweyo, ku ngongole kapena mimba yomweyo, tsopano mudzi wonse ukumuloza chala, ndipo mwina kapaketi kotsala kakadali pamwamba pa khoma. Asanatuluke amafunika kukonza naye dongosolo lodzitetezera, limene ndi pepala lolembedwa m'mawu ake lotchula zizindikiro zoti mtima wayambanso kulemera, zimene angachite kuti adikire, anthu awiri kapena atatu oti awathamangire, ndi munthu amene achotse mankhwala m'nyumbamo.

WHO inayesa njira yotsika mtengo kwambiri m'mayiko asanu, Brazil, India, Sri Lanka, Iran ndi China, yongokambirana ndi wopulumukayo kwa ola limodzi asanatuluke, kenako n'kumamuyendera kapena kumuimbira foni kwa miyezi 18. Zotsatira za mu 2008 zinasonyeza kuti mwa amene ankayenderedwa, 0.2 peresenti ndi amene anadzipha, poyerekeza ndi 2.2 peresenti mwa amene anangotulutsidwa. Oyendera oterewo ku Thuchila alipo kale, chifukwa mlangizi wa zaumoyo amadutsa m'midziyo ndi njinga yake kukayeza ana sikelo, kupereka katemera ndi kuona za zitsime. Chimene angafunike ndi maphunziro a masiku ochepa, lonjezo losunga chinsinsi, ndi uthenga wochokera kuchipatala cha boma womuuza mudzi umene mwanayo wabwerera ndi tsiku loti akamuone koyamba.